Kugula matabwa opangira mipando: zimene muyenera kumvetsa musanapereke ndalama

Tebulo latsopano likang'aluka pakati patangopita miyezi yochepa, kapena chitseko cha kabati chikayamba kukana kutsekeka nyengo ya mvula, chala chimaloza kalipentala. Nthawi zina amakhala iyeyo ndithu. Koma kawirikawiri vutolo limakhala kuti linagulidwa limodzi ndi matabwawo, sowo isanawakhudze n'komwe.

Wogula matabwa amauzidwa dzina la mtengo, kukula kwa thabwa, giredi yake, ndiponso kuti ndi louma. Pomva, zonsezi n'zosachita kufunsa. Komatu liwu lililonse pamenepa lili ndi tanthauzo lake la pamalonda, limene anthu ena anakhazikitsa pa zifukwa zawo, ndipo sililonjeza zonse zimene wogula akuganiza. Tiyambe ndi kuuma, chifukwa m'pamene pagona nkhani yaikulu.

Madzi a m'thabwa

Mtengo ukangodulidwa umakhala wodzaza madzi. Mukayang'ana mkati mwake ndi galasi lokuza zinthu, muona timapaipi tosawerengeka tondondozana kuchokera kutsinde kukwera kunthambi, ngati mtolo wa mabango womangidwa zolimba. Madzi amakhala m'malo awiri: ena amadzaza m'mphako za timapaipito, ena amalowerera m'makoma ake.

Thabwa likayamba kuuma, oyamba kuchoka ndi a m'mphako aja. Limapepuka, koma kukula kwake sikusintha. A m'mphako akatha m'pamene amayamba kutuluka a m'makoma, makomawo n'kufota, thabwa lonse n'kuyamba kuchepa. M'mitengo yambiri malire a magawo awiriwa ali pa chinyezi cha pafupifupi 30 peresenti. Anawafotokoza koyamba Harry Tiemann, katswiri wa nthambi yoona za nkhalango ku United States, mu 1906, pofufuza mmene chinyezi chimakhudzira kulimba kwa matabwa. Apa m'pamene ogula ambiri amapusitsika. Thabwa likhoza kupepuka kwambiri, pogwira n'kumveka louma, koma lisanayambe n'komwe kuchepa kwenikweni.

Peresentiyi amaipeza chonchi. Amayeza kachidutswa pasikelo, amakaumitsa mu uvuni wotentha madigiri 103 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kenako amakayezanso. Kakakhala kuti kanali magalamu 150 n'kutsala 120, ndiye kuti madzi anali magalamu 30, ndipo 30 pa 120 ndi 25 peresenti. Poti amayerekeza madziwo ndi kulemera kwa thabwa louma, paini wongodulidwa kumene amatha kupitirira 100 peresenti, kutanthauza kuti madzi akulemera kuposa mtengo weniweniwo.

Ndipo thabwa siliuma kamodzi n'kukhala choncho mpaka kalekale. Limamwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchitaya mpaka litagwirizana ndi malo amene lili, ndipo silisiya ngakhale papite zaka 100. Vanishi ndi penti zimangochedwetsa, siziletsa. M'chipinda cha madigiri 20 kapena kuyandikira apo, chinyezi cha mumpweya chikakhala 30 peresenti thabwa limakhazikika pa 6. Chikakhala 50, pa 9. Chikakhala 65, pa 12. Chikafika 80, thabwa limakwera mpaka 16. Choncho wogulitsa akati "ndi louma", funso ndi lakuti: louma mokwanira kukagwira ntchito kuti? Ku North America matabwa omangira nyumba amati auma akafika pa 19 peresenti, pomwe opangira mipando ya m'nyumba zotenthetsedwa amawatsitsa mpaka 6 kapena 8. Onsewa amagulitsidwa kuti ndi ouma.

Chimene chimaswa mipando n'chakuti thabwa silichepa mofanana mbali zonse. M'litali silisintha kwenikweni, mwina 0.1 kapena 0.2 peresenti basi. M'lifupi ndi nkhani ina. Motsatira mizere yozungulira ya mtengo, mitengo yambiri imachepa ndi 6 mpaka 10 peresenti kuchoka pauwisi kufika pouma gwa, ndipo kuchokera pakati pa mtengo kulowera kukhungwa imachepa pafupifupi theka la pamenepo.

Tiyerekeze thabwa la mamilimita 300 m'lifupi, la mtengo umene umachepa ndi 8 peresenti. Mwaligula lili pa 20, ndipo m'nyumba likakhazikika pa 10. Kuchoka pa 30 kufika pa 0 pali masitepe 30, ilo latsika 10, choncho lichepa ndi mamilimita pafupifupi 8. Mukalumikiza atatu otere kuti apange pamwamba pa tebulo, ndi mamilimita 24 amenewo. Ngati mwawakhomerera zolimba pa felemu yopingasa, felemuyo siichepa nawo chifukwa mbali imeneyo ndi m'litali mwake. Matabwawo amasowa kolowera, amang'aluka. Guluu, kaya akhale wamphamvu bwanji, sangaletse zimenezi.

Njira zoumitsira zilipo ziwiri, ndipo amisiri samvana chimodzi za imene iposa inzake. Yakalekale ndi yosanja matabwa pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa. Amisiri amawerengera chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kuchindikala, ngakhale kuti kumalo otentha ndi ouma zimafulumira. Kuipa kwake n'kwakuti thabwa limangofika pamene mpweya wapanja walilola, ndipo m'madera ambiri pamenepo sipakwanira mipando ya m'nyumba. Njira ina ndi ya uvuni woumitsira matabwa, momwe amayendetsa kutentha, chinyezi ndi mphepo mwadongosolo. Malo ofufuzira za matabwa a Forest Products Laboratory, amene anatsegulidwa ku Madison ku United States mu 1910, anapititsa patsogolo kwambiri njirayi pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, pamene matabwa ouma opangira ndege ankafunika mwachangu. Uvuni umamaliza m'masiku kapena m'masabata, umapha tizilombo, ndipo umaumitsa utomoni wa paini. Koma woyendetsa uvuni akachita phuma, kunja kwa thabwa kumauma n'kulimba mkati mukadali madzi. Thabwa lotere limaoneka bwino mpaka mutalicheka m'litali: limapana sowo, kapena zidutswa ziwirizo zimapindika pomwepo inu mukuona. Nthawi zina mumapezeka ming'alu yamkati imene kunja siioneka. N'chifukwa chake amisiri ena, makamaka opinda matabwa ndi nthunzi, amakondabe oumitsidwa ndi mphepo.

Dzanja silingakuuzeni chinyezi. Pali kachipangizo ka timisomali tiwiri tobaya m'thabwa, kamene kamayeza mmene magetsi akuvutikira kudutsa, ndipo kamagwira bwino pakati pa 7 ndi 30 peresenti. Bayani chapakati, osati kumapeto, chifukwa kumapeto n'kumene kumayamba kuuma. Ngati mulibe, sikelo ikwanira. Sanjani matabwa m'chipinda chogwirira ntchito, timitengo pakati, dulani chidutswa chapakati pa thabwa limodzi, muzichiyeza pakapita masiku angapo n'kumalemba nambala pachidutswa pomwepo. Nambalayo ikasiya kutsika, matabwa ayandikira kugwirizana ndi chipindacho. Ataliatali ndi ochindikala amatsalira pang'ono, choncho apatseninso masiku.

Mmene chipika chinachekedwera

Musanayang'ane pankhope pa thabwa, yang'anani kumutu kwake, pamene linadulidwa. Pamitengo yokhala ndi mizere yooneka bwino, monga paini ndi oak, muona chimodzi mwa ziwiri: mizere yokhota yogona motsatira m'lifupi, kapena mizere yoimirira kuchoka pankhope imodzi kufika pa inzake.

Yogona ija imabwera chipika chikachekedwa mondondoza kuchokera mbali imodzi kukatulukira ina. Ndiyo njira yofala, yachangu, yosataya zambiri, ndipo imatulutsa matabwa otambalala a maluwa okongola pankhope. Koma m'lifupi mwa thabwa lotere ndi mbali yomwe ija imene imachepa kwambiri, ndipo pouma mizereyo imafuna kuwongoka, choncho nkhope imene inayang'ana kukhungwa imalowa mkati, m'mphepete n'kutukuka. Yoimirira imabwera chipika chikayamba chagawidwa panayi, thabwa lililonse n'kuchekedwa kulunjika pakati pa mtengo. Matabwa otere amachepa theka lokha ndipo sapindika wamba, koma amakhala opapatiza, amataya zambiri, ndipo amadula. Njirayi ndi yakale kuposa makina ocheka. Anthu ankang'amba zipika pokhomamo zitsulo kapena mitengo yosongoka, ndipo mtengo ukang'ambika wokha umatsata mbali imeneyi. Zombo za a Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, zinkamangidwa ndi matabwa a oak ong'ambidwa chotero, ndipo mpaka lero nkhope za magitala abwino ndi mavayolini zimachekedwa motero.

Thabwa limene kumutu kwake kukuoneka kadontho ka pakatikati pa mtengo lisiyeni, kapena konzekerani kulicheka kuti muchotse pakatipo, chifukwa pafupifupi nthawi zonse limang'aluka kuchokera pamenepo. Mizere yoyandikana ndi kadonthoko ndi ya pamene mtengo unali waung'ono, ndipo thabwa la pamenepa limachepa ngakhale m'litali, n'kumapotoka. Mitengo yobzalidwa yodulidwa isanakule imakhala ndi gawo lalikulu lotere. Bulugamu ali ndi vuto linanso: amakula ali womangika mkati, moti chipika chimatha kung'aluka kumutu chikangogwa.

Kuti muone kupindika, imikani mutu umodzi pansi, nyamulani winawo kufika pamaso, tsinzinani diso limodzi n'kuyang'ana motsatira mphepete. Lokhota ngati uta likhoza kupulumuka mukalidula zidutswa zifupizifupi. Lopotoka, loti ngodya imodzi yakwera ina yatsika, limadya kuchindikala konse mukamalipala, ndipo nthawi zambiri limapitirizabe kupotoka.

Onaninso mtundu. Mitengo yambiri ili ndi mtima woderako ndi gawo loyera la kufupi ndi khungwa. Mphamvu zawo sizisiyana kwenikweni, koma mbiri yakuti mtengo wakutiwakuti sufumbwa ndi ya mtima wokha. Gawo loyera lili ndi chakudya chimene tizilombo tofumbwitsa timakonda, ngakhale mtengowo ukhale wotchuka bwanji. Sendezani thabwa limodzi pamulu. Mukapeza timilu ta kaufa kosalala pathabwa lapansi, ndi timabowo tating'ono ngati tobaya ndi singano pa lapamwamba, tizilomboto tikadali moyo mkatimo. Madontho abuluu pa paini ndi a chuku. Salanda mphamvu kwenikweni, koma amaulula kuti thabwalo linakhalitsa lili lonyowa.

Pulayiwudi anapangidwa pothawa mavuto onsewa. Amamata timatabwa topyapyala, 3, 5, 7 kapena kuposa, kalikonse kopingasa kanzake, kotero kuti kena kakafuna kuchepa kanzake kamakagwira. MDF ndi chipboard ndi ulusi kapena tizidutswa ta mtengo tosakanizidwa ndi guluu. Ndi osalala ndipo sapotoka ngati thabwa, koma akanyowa amatupa osabwereranso, ndipo m'mphepete sagwira bwino sikuluwu.

Dzina la mtengo

Pamalonda a padziko lonse mitengo imagawidwa pawiri, hardwood ndi softwood. Kugawaku n'kwa akatswiri a zomera, osati kwa amisiri. Gulu loyamba ndi la mitengo ya masamba otambalala imene imachita maluwa, monga mbawa, mlombwa, bulugamu, oak ndi teak. Lachiwiri ndi la mitengo ya masamba osongoka kapena amambamamba, monga paini ndi mkungudza. Balsa, amene chala chimatha kumubonya, ali m'gulu loyamba, pomwe yew, amene ali m'gulu lachiwiri, amalimba kuposa mitengo yambiri ya m'gulu loyambalo.

Kulimba kwenikweni kuli ndi muyezo wake, umene anayambitsa Gabriel Janka wa ku Austria mu 1906. Amakankhira kampira kachitsulo ka mamilimita 11.28 m'thabwa mpaka theka lake litalowa, n'kulemba mphamvu imene yafunika. Red oak amafuna mphamvu ya mapaundi 1,290, paini woyera wa kum'mawa kwa North America 380 okha. Nambalayi imathandiza posankha matabwa a pansi pa nyumba kapena pamwamba pa tebulo, pamene zinthu zimagunda. Siinena kanthu za kupindika, kufumbwa kapena kugwira guluu, ndipo mtengo wolimba kwambiri umabunthitsa tchizulo ndi puleni msanga.

Maina a pamalonda ndiye amasokoneza koposa. Mahogany weniweni ndi Swietenia wa ku Central ndi South America. Mbawa, imene akatswiri amati Khaya, ndi mbale wake wa banja limodzi ndipo imagulitsidwa kuti African mahogany. Koma Philippine mahogany ndi Shorea, mtengo wa banja lina ndithu. Teak weniweni ndi Tectona grandis wa ku India ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, koma dzinali amabwerekanso mitengo ina ingapo yosagwirizana naye. Si nthawi zonse pamene pamakhala chinyengo, maina ena anangozolowereka kalekale. Komabe ngati mukulipira ndalama zambiri chifukwa cha dzina, funsani dzina la sayansi, ndipo kumbukirani kuti utoto umatha kufiiritsa thabwa lililonse. Kupala pang'ono pakona kumaonetsa mtundu weniweni.

Muyezo

Thabwa limapatsidwa dzina la kukula kwake likangochoka pamacheka, lisanaume, lisanapalidwe. Likauma limachepa, likapalidwa limachepanso, koma dzina limatsala lomwe lija. La mamilimita 25 losapala limatsala 19 mpaka 21 likapalidwa nkhope zonse ziwiri. Ngati pulani yanu ikufuna 25 atamalizidwa, gulani lochindikala kuposa pamenepo.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha "2 by 4" wa ku United States ndi Canada, amene kwenikweni ndi mainchi 1.5 ndi 3.5, kapena mamilimita 38 ndi 89. Poyamba malo ochekera matabwa aliwonse ankadula mmene afunira. Matabwa atayamba kuyenda mitunda italiitali pasitima, ndalama zonyamulira zikutengera kulemera, ogulitsa anayamba kuwapala asanawatumize ndipo ankachepa pang'onopang'ono. Miyezo yoyamba ya dziko lonse la United States inagwirizanidwa mu 1924, Herbert Hoover ali nduna ya zamalonda, ndipo imene ikugwira ntchito lero inakhazikika m'zaka za m'ma 1960. Nkhaniyi imavutabe anthu: mu 2017 ogula ena anasumira masitolo a Home Depot ndi Menards chifukwa "4 by 4" sanali mainchi 4, koma makhoti anathetsa milanduyo. Kulikonse kumene mungagule, tepi yanu ndiyo ikuuzeni. Yezani malo atatu pathabwa, makamaka locheka pamanja kapena ndi tcheni so, chifukwa lidzapalidwa mpaka pamene pali popyapyala kwambiri.

Ogulitsa ambirimbiri amawerengera kukula kwa matabwa onse pamodzi osati chiwerengero chawo. M'mayiko ambiri ndi kiyubiki mita: thabwa la mamilimita 50 ndi 150, lotalika mamita 3.6, ndi 0.027, choncho 37 otere amapanga kiyubiki mita imodzi. Ku North America amati board foot, yomwe ndi mainchi 12 ndi 12 ndi 1, ndipo 424 ndi kiyubiki mita imodzi. Pa zimene pulani ikufuna, amisiri ambiri amawonjezera gawo limodzi mwa asanu, nthawi zina mwa atatu, lotayika podula ming'alu, mfundo ndi mitu.

Giredi

Magiredi alipo a mitundu iwiri, ndipo amayankha mafunso osiyana. Ena amanena za maonekedwe, ena za mphamvu.

A maonekedwe odziwika kwambiri ndi a bungwe la National Hardwood Lumber Association, limene linakhazikitsidwa ku United States mu 1898 kuti wogula ndi wogulitsa otalikirana azimvana popanda kuonana. Woyeza amayang'ana nkhope yoipirapo ya thabwa n'kuwerengera kuti mungatuluke zidutswa zoyera, zopanda mfundo ndi ming'alu, zochuluka bwanji. Giredi yapamwamba ya FAS imafuna 83⅓ peresenti, pathabwa losachepera mainchi 6 m'lifupi ndi mamita 2.4 m'litali. No. 1 Common imafuna 66⅔, ndipo No. 2A Common 50. Apa pali chinthu chopulumutsa ndalama. Gawo la pakati pa mfundo m'thabwa la giredi yotsika ndi labwino chimodzimodzi ndi la FAS, kungoti limatuluka m'zidutswa zifupizifupi. Wopanga mipando yokhalira kapena madirowa, amene zidutswa zake n'zazifupi kale, alibe chifukwa chogulira giredi yapamwamba. Wopanga tebulo lalitali ndiye ali nacho. Ndipo giredi imeneyi siilonjeza kuti matabwa afanana mtundu, kapena kuti auma bwino.

A mphamvu ndi a matabwa omangira. Ku Ulaya muona chidindo cha C16 kapena C24. Nambalayo ndi mphamvu imene thabwa limapirira popindidwa, m'manyutoni pa sikweya milimita, ndipo amaiika pamene matabwa 95 mwa 100 a giredi imeneyo amapitirira. Thabwa la C24 likhoza kunyamula denga koma lili ndi mfundo, utomoni ndi madontho oti patebulo simungawafune.

Mfundo zenizenizo si zonse zoipa. Yamoyo, yolumikizana ndi thabwa mbali zonse, imakhala pomwepo, ndipo ena amaikonda. Yakufa imazunguliridwa ndi mzere wakuda wa khungwa, ndipo tsiku lina imagwa n'kusiya bowo. Mfundo ya m'mphepete mwa shelefu, kumunsi kumene thabwa limakokeka likasenza katundu, ndi yoopsa kuposa ya pakati. Kumene kulibe bungwe loyeza, mawu akuti "giredi wani" ndi maganizo a wogulitsa yekha, ndipo muyenera kufunsa kuti iyeyo akutanthauza chiyani.

Matabwa othiridwa mankhwala

Kukankhira mankhwala m'matabwa ndi mphamvu ya mpweya kunayamba ndi John Bethell ku England mu 1838, ndipo mankhwala ake akuda a creosote anateteza matabwa a njanji ndi mapolo kwa zaka zambiri. Obiriwira aja, a CCA, anawapanga Sonti Kamesam ku India mu 1933, posakaniza kopa, chromium ndi arsenic. Amateteza ku chiswe ndi kuwola, koma chifukwa cha arsenic, ku United States anasiya kuwagwiritsa ntchito pa matabwa ambiri a pakhomo kumapeto kwa 2003. M'mayiko ena akugwirabe ntchito. Ku South Africa, Australia ndi New Zealand chidindo chimanena malo oyenera: H2 m'nyumba, H3 panja posakhudza dothi, H4 m'dothi.

Matabwa otere si opangira poduliramo zakudya kapena zidole za ana, ndipo zotsala zake siziyenera kuwotchedwa, chifukwa utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni. Nthawi zambiri amagulitsidwa akadali onyowa ndi mankhwalawo. Mukadula n'kupeza kubiriwira kuli pakhungu pokha, ngakhale pagawo loyera lija, ndiye kuti anangoviikidwa kapena kupakidwa. Ogwiritsa ntchito matabwa a mapaleti ayang'ane chidindo cha lamulo la ISPM 15 la mu 2002: HT ndi otenthetsedwa mpaka madigiri 56 mkati kwa mphindi 30, MB ndi ofukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide.

Kumene thabwa lachokera, ndi mafunso amene akadalipo

Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973, limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, ndipo m'zaka zapitazi mitengo ya matabwa yalowamo yambiri. Msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 unaika mitengo ya mtundu wa Dalbergia, kuphatikizapo phingo, m'ndandanda wachiwiri. Mukula unalowa mu 2019 ku Geneva, ndipo mu 2022 ku Panama analowetsa mitengo ya mu Africa ya Khaya, Afzelia ndi Pterocarpus, kutanthauza kuti mbawa ndi mlombwa zilimo. Ndandanda wachiwiri suletsa malonda. Umafuna chilolezo matabwa akamadutsa malire a dziko. Za mkati mwa dziko zimayendera malamulo a dzikolo. Pambali pa malamulo pali zidindo zodzifunira, za FSC yoyamba mu 1993 ndi PEFC ya mu 1999, zosonyeza kuti thabwa lachokera m'nkhalango yosamalidwa ndipo lalondoledwa mpaka kusitolo.

Pamenepa m'pamene anthu amagawanika. Oikira kumbuyo zidindo amati popanda izo wogula alibiretu pogwira. Otsutsa amati zikalata zimatha kunamizidwa, ndipo ndalama zolipira oyendera zimatsekera kunja ocheka ang'onoang'ono amene mwina amasamala nkhalango kuposa makampani. Lamulo la European Union la mu 2023, lofuna kuti wogulitsa asonyeze malo enieni amene mtengo unadulidwa, tsiku lake loyambira lakhala likusunthidwa chifukwa cha mikangano yomweyi.

Za mitengo yobzalidwa nazonso sizinathe. Paini ndi bulugamu zimakula msanga n'kupumitsa nkhalango zachilengedwe, koma zikadulidwa zazing'ono matabwa ake amavuta monga taonera, ndipo pali mkangano wa madzi amene minda ikuluikulu imamwa ndi zamoyo zimene zimasowa pokhala. Kodi kudikira kuti mtengo ukhwime alipire ndani, wobzala kapena wogula? Mankhwala amene analowa m'malo mwa CCA ali ndi kopa wambiri amene amadya misomali wamba, ndipo njira zatsopano zowotcha matabwa pang'ono kuti asawole zimawachepetsera mphamvu. Sizinagwiritsidwe ntchito nthawi yaitali ngati zakale zija kuti anthu agwirizane za kukhalitsa kwake. Matabwa akale a CCA akamaguga, kowataya kosaipitsa dothi ndi madzi ndi mutu wina umene mayiko akulimbana nawo.

Funso lovuta koposa ndi lozindikira mtengo. Thabwa lopalidwa lilibe masamba, maluwa kapena khungwa. Ngakhale katswiri wa galasi lokuza zinthu nthawi zambiri amangofika pa mtundu waukulu, kuti uyu ndi Dalbergia kapena Pterocarpus, osati kuti ndi uti mwa abale ake kapena wachokera dziko liti. Malo ofufuzira ena amayesa DNA ndi mankhwala achilengedwe a m'thabwa, ndipo amatha kusiyanitsa, koma njirazi n'zodula ndipo zimadalira kukhala ndi zitsanzo zodalirika za mtengo uliwonse kuchokera kudera lililonse, zimene sizinasonkhanitsidwe zonse. Sizikudziwika kuti kuyeza kotere kudzatsika liti mpaka kufika kwa woyang'anira pamalire, kapena kwa kalipentala amene waima pamulu wa matabwa ndi tepi m'manja.